Ulosi ndi Chilankhulo m'Chimbale cha Two Sevens Clash

M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza momwe chikhulupiriro cha Chirasta chidaumbira chimbale cha Two Sevens Clash, chomwe gulu la Culture la ku Jamaica lidatulutsa m'chaka cha 1977. Gululi lidali la anthu atatu: Joseph Hill, yemwe ankatsogolera nyimbo, komanso Albert Walker ndi Kenneth Dayes omwe ankavomereza. Chimbalechi adachijambula kwa Joe Gibbs mumzinda wa Kingston.

Dzina la chimbalechi limanena za kugundana kwa manambala 7 awiri. Arasta ambiri ankakhulupirira kuti Marcus Garvey, yemwe adamwalira mu 1940, adalosera kuti kudzagwa chipwirikiti manambalawa akadzakumana. Hill adatenga ulosiwu n'kuuika m'nyimbo. Tiyenera kukumbukira kuti nyimboyi idatuluka anthu ali kale ndi mantha. Mu 1976 otsatira zipani za PNP ndi JLP ankaphana m'makwalala, boma la Michael Manley lidakhazikitsa malamulo a nthawi ya chipwirikiti, ndipo mu Disembala zigawenga zidawombera Bob Marley kunyumba kwake. Choncho pofika pa 7 Julaye 1977, tsiku lomwe manambala 7 adakumana anayi, anthu ambiri mu Kingston adadzitsekera m'nyumba, ndipo masitolo ena sadatsekule. Kudacha, kudada, palibe chidachitika.

Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti uthenga woopsawu Hill sadauyimbe mwachisoni. Mawu ake ndi opepuka, ansangala, ngati a munthu amene akuyembekezera mlendo. M'maganizo anga chifukwa chake chagona m'chikhulupiriro chomwecho. Kwa Mrasta, Babulo ndi ulamuliro wonse wopondereza anthu akuda, pamene Ziyoni ndi Afirika, makamaka Ethiopia wa Haile Selassie. Kugwa kwa Babulo tsono ndi nkhani yabwino. N'chifukwa chake nyimbo ina m'chimbalechi imayembekezera sitima ya Black Star Line, kampani yomwe Garvey adakhazikitsa mu 1919 koma idagwa patangopita zaka zochepa. Woimbayu adaisandutsa chizindikiro cha ulendo wobwerera kwawo.

Kwa ife ophunzira chilankhulo, mfundo ina ndi yakuti Hill amasakaniza Chingerezi cha m'Baibulo la King James ndi chilankhulo cha anthu wamba a ku Jamaica. Mawu a m'buku la Chivumbulutso amamveka ngati nkhani ya pamsika, ndipo womvera sadziwa pomwe ulaliki wathera ndi pomwe macheza ayambira.