KODI TIMAVANETI TATING'ONO TIDZABWERANSO?

Nkhani yathu ya lero ndi ya timagalimoto tija ta mipando iwiri kutsogolo ndi bokosi la katundu kumbuyo, timene kuno timati vaneti. Acikulire akumbukira Datsun 1200 ndi Peugeot 404, m'mene zinali kunyamulira malata, makala, ufa, ngakhale anthu opita ku maliro. Lero munthu akalowa m'nyumba yogulitsira magalimoto atsopano apeza mavaneti amsinkhu ngati malole, ndipo mtengo wake wanchito wamba sangaulote n'komwe. Tsono ambiri afunsa kuti, kodi opanga magalimoto adzayambanso kupanga tating'ono tija?

Yankho lake tiyenera kukalifuna ku America, pakuti kumeneko ndiko kuli msika waukulu wa mavaneti, ndipo zimene zicitika kumeneko zimatsogolera maganizo a makampani ambiri.

Timavaneti tinalowa m'dzikolo kucokera ku Japan. A Datsun anayamba kutumiza tawo ca kumapeto a zaka za m'ma 1950, ndipo a Toyota anatulutsa Hilux mu 1968. Anthu anatikonda cifukwa tinali totsika mtengo, tosamwa petulo wambiri, ndiponso tosabvuta kukonza. Mu 1972 a Ford ndi a Chevrolet, poona kuti malonda ali kuwapita pambali, anayamba kugula timavaneti kwa Mazda ndi Isuzu ndi kulembapo maina ao-ao, Courier ndi LUV. Caka cotsatira mafuta anasowa ndi kukwera mtengo, ndipo malonda a tating'onoti anakula koposa.

Koma panali copinga cimodzi, ndipo ciyambi cake ncoseketsa, pakuti cinabadwa pa mkangano wa nkhuku. Maiko a ku Ulaya, makamaka France ndi West Germany, anaika msonkho waukulu pa nkhuku zocokera ku America. Pobwezera, President Lyndon Johnson analamula kuti kuyambira mu January 1964 vaneti iriyonse yopangidwa kunja ilipire msonkho wa magawo 25 pa 100 a mtengo wake. Za nkhukuzo zinaiwalika kale-kale, koma msonkho wa mavaneti sunacotsedwe, ndipo anthu amaucha msonkho wa nkhuku. Makampani anayesa macenjera osiyana-siyana. Ena anali kutumiza galimoto yopanda bokosi ndi kukalimangirira atafika ku America, kufikira boma linatseka njira imeneyi mu 1980. A Subaru anacita kumangirira mipando iwiri ya pulasitiki m'bokosi mwa kavaneti kao ka BRAT, kuti a msonkho akayese galimoto ya anthu. Zotsatira zake n'zakuti kavaneti kocipa kopangidwa ku Japan kapena ku Thailand sikangapikisane pa msika wa America, pokhapokha kampani itamanga fakitale komweko kapena m'dziko loyandikana nalo limene lili ndi pangano la malonda, monga Mexico.

Mu 1981 a Chevrolet anayamba kupanga S-10 ndipo mu 1982 a Ford anatulutsa Ranger, zonse zopangidwa kwao. Zinagulidwa zaka zambiri, koma mu December 2011 Ranger yotsiriza ya mtundu waung'ono inatuluka m'fakitale ya ku St. Paul, ndipo fakitaleyo inatsekedwa. Pamene dzina la Ranger linabweranso ku America mu 2019, inali galimoto ina, yaitali ndi yolemera, yonga imene tiona m'miseu ya ku Kitwe ndi Ndola.

Nanga cinapha kavaneti nciani? Sikuti anthu analeka kukafuna. Coyamba ndi lamulo la mafuta. Kuyambira mu 1975 boma la America linali kuuza makampani mtunda umene magalimoto ao ayenera kuyenda pa galoni imodzi. Pofika mu 2011 muyeso wa mavaneti unali utasinthidwa, kuti uzitsata kukula kwa malo a pakati pa magudumu anai. Galimoto ya malo aakulu inaloledwa kumwa mafuta ambiri, pamene yaing'ono inayenera kufika pa muyeso wobvuta kwambiri. Taganizani kapitao amene auza wanchito wamfupi kuti adzaze ngolo khumi, ndi wamtali zisanu zokha, malipiro ofanana. Ndani angafune kukhala wamfupi? Opanga magalimoto anangotalikitsa mavaneti ao. Lamulo lofuna kusunga mafuta linathandiza kunenepetsa magalimoto, ndipo ine ndiyesa kuti amene analilemba sanaganize bwino. Mu July 2025 nyumba ya malamulo ya America inacotsa faindi ya kampani yolephera muyesowo, koma mavaneti anali atakula kale.

Cinanso ndi phindu. Kupanga vaneti yaing'ono kumafuna injini, magalasi, zotetezera pa ngozi ndi manja a anchito pafupi-fupi monga yaikulu, koma yaikuluyo igulitsidwa pa mtengo wapatali. Ogula naonso anasintha: ambiri afuna zitseko zinai, kuti galimoto imodzi itenge ana ku sukulu ndi kunyamulanso simenti.

Komabe mu 2021 a Ford anayesanso. Anatulutsa Maverick, yopangidwa ku Hermosillo m'dziko la Mexico, pa mtengo woyambira madola 19,995, ndi injini yogwiritsa petulo pamodzi ndi batire. Anthu anaithamangira kotero kuti kampani inayamba yaleka kulemba maina a ogula, pakuti fakitale sinathe kukwaniritsa. Mu 2024 anagulitsa zoposa 130,000 ku America, ngakhale mtengo unali utakwera. A Hyundai anatulutsanso Santa Cruz caka comweco ca 2021. Apa makampani anaona ndi maso kuti msika ulipo.

Koma tisanyengedwe ndi mau akuti yaing'ono. Maverick ndi yotalika mamita asanu ndi pang'ono, pamene Datsun 620 ya zaka za m'ma 1970 inali monga mamita 4.3. Ili ndi zitseko zinai, bokosi lake ndi lalifupi, ndipo thupi lake linamangidwa ngati la galimoto ya anthu, lopanda mitanda iwiri yacitsulo ija imene lole imakhalirapo. Imene yafanako ndi kavaneti kakale ndi ya kampani yatsopano ya Slate, imene Jeff Bezos anaikamo ndalama. Anaionetsa mu April 2025: mipando iwiri, magalasi opukusa ndi dzanja, yopanda wailesi, yopanda penti, yoyendera magetsi. Ananena kuti idzagulidwa pansi pa madola 20,000, koma mtengowo unadalira cithandizo ca boma kwa ogula magalimoto a magetsi, ndipo cithandizoco cinatha mu September 2025. Inu okumba mkuwa nkhani iyi ikukhudzani, pakuti galimoto ya magetsi imafuna mkuwa woposa kawiri wa galimoto ya petulo.

Kwina kavaneti sikanafe konse. Ku Brazil, Fiat Strada inaposa magalimoto onse pa malonda caka ndi caka kuyambira 2021 kufikira 2024. Kuno kum'mwera kwa Africa zinthu zayenda cam'mbuyo. Nissan 1400, mwana wa Datsun 1200, inapangidwa ku South Africa kufikira 2008. Ford Bantam inatha mu 2011, Chevrolet Utility mu 2017, ndipo Nissan NP200, yonyamula makilo 800, ndiwo matumba 32 a ufa a makilo 25, inalekeka mu March 2024.

Tsono kavaneti kali kubwera ndithu, koma kali kubwerera maiko oyenda ku dzanja lamanja la mseu. Maverick ndi Strada ciongolero cao cili kumanzere, pamene ife a Zambia tifuna ca kumanja, ndipo kusamutsa ciongolero kumadya ndalama zimene kampani sitaya pa msika waung'ono. Kwa wamalonda wa pa Chisokone kapena pa Soweto, njira yapafupi ikhala timalole togwirapo kale nchito ta ku Japan, monga Suzuki Carry ya injini ya 660cc ndi utali wa mamita 3.4. Alimi a ku America naonso ali kutiitanitsa, ngakhale lamulo lao silola kuti kalowe kasanakwanitse zaka 25.