Rich Hill, wamanzere amene matimu sankatopa naye

Ndikafuna kufotokoza chifukwa chake woponya mpira wamanzere sasowa ntchito mu baseball ya ku America, ndimatchula Rich Hill. Anabadwa mu 1980, ndipo anayamba kusewera mu ligi yaikulu ya MLB mu 2005 ndi Chicago Cubs. Pomwe ankavala yunifomu ya Kansas City Royals mu 2025, ali ndi zaka 45, imeneyo inali timu yake ya nambala 14, kufanana ndi woponya mpira mnzake Edwin Jackson.

Nkhani yagona pa dzanja. Amanzere ndi ochepa, ndipo womenya mpira wamanzere amavutika kwambiri akakumana ndi woponya wamanzere mnzake, chifukwa mpira wokhota umamuthawa pamene ukufika. Hill analibe liwiro loopsa. Chuma chake chinali mpira wokhotawo.

Koma musaganize kuti zinkangoyenda. Anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2011, ndipo pofika 2015 anali atatsikira ku Long Island Ducks, timu ya kunja kwa MLB kumene ambiri amakathera. Boston Red Sox inamutenga chaka chomwecho, naonetsa zakupsa. Kumapeto kwa 2016 Los Angeles Dodgers inamupatsa mgwirizano wa zaka 3 wa madola 48 miliyoni.

Chimene chimandiwawa ndi cha pa 23 Ogasiti 2017 ku Pittsburgh: zigawo 9 zonse palibe anamenya mpira wake n'kupulumuka nawo, koma anzake sanagoletse. M'chigawo cha 10 Josh Harrison wa timu ya ku Pittsburgh anaumenya n'kuutulutsa m'bwalo, Dodgers n'kugonja 1-0.