Vinyo wa Cabernet mugule ngati mukugula ng'ombe pa Ngabu

Munthu wa pa Ngabu sagula ng'ombe chifukwa cha kukongola kwa nyanga. Akafika pamsika amaizungulira kaye, amaiyasamitsa kuti aone mano, amaigwira m'nthiti ndi pa linunda, kenaka amafunsa mudzi umene yachokera ndi kalata ya alangizi a ziweto. Za mtengo amakamba pomaliza. Koma munthu yemweyo akaima pa shelefu ya vinyo ku Blantyre, chinkhoswe cha mwana wake chitayandikira, nzeru zonse zija zimamuthawa. Amangotola botolo lodula poganiza kuti ndilo labwino, kapena lotchipitsitsa chifukwa m'thumba mwapepuka. Zimandiwawa, chifukwa ndalama masiku ano ikuvuta, ndipo luso losankhira vinyo ndi lomwe lija la pamsika wa ng'ombe.

Tiyambe ndi mtundu. Cabernet Sauvignon si dzina la kampani. Ndi mtundu wa mphesa, monga timanenera kuti iyi ndi Brahman, iyo ndi ng'ombe yathu yamakolo. Nayonso mphesayi ndi yosakaniza, ngati ng'ombe zambiri za kuchigwa kuno zimene bambo wake ndi Brahman, mayi wake wa m'khola lam'mudzi. Inabadwira ku France m'zaka za m'ma 1600, kuchokera ku mphesa yakuda ya Cabernet Franc ndi yoyera ya Sauvignon Blanc, ndipo akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis ndiwo anatsimikiza makolo akewa mu 1997. Zipatso zake n'zazing'ono, za khungu lokhuthala, ndipo mtengo wake ngwopirira. N'chifukwa chake imalimidwa m'maiko ambiri, ndipo chinthu chikachuluka chotero, chabwino cha mtengo wofikirika sichisowa.

Khungu lokhuthalalo ndilo limapatsa vinyoyu khalidwe lake. Munalumapo nthochi yosapsa, kapena kumwa tiyi wokhalitsa m'ketulo wopanda shuga ndi mkaka? Lilime limakhakhala, m'kamwa mumauma. Cabernet amatero. Amene anazolowera vinyo wotsekemera monga 4th Street akalawa koyamba amakwinya nkhope n'kumati waonongeka. Sanaonongeke ayi, ndi mmene alili. Wabwino amakhakhala pang'ono, kenaka m'kamwa mumatsala kukoma kwa zipatso zakupsa. Woipa amangokhakhala basi, kumbuyo kulibe kanthu.

Funso lachiwiri ndi la kwao. Kuchimake kwa mphesayi ndi ku Bordeaux, koma botolo la kumeneko mumalipirira dzina ndi ulendo wa panyanja. Ife mwayi wathu ndi South Africa. Kumeneko anayamba kufinya mphesa mu 1659, ndipo vinyo wao amatipeza pa msewu, kudzera ku Tete ndi pachipata cha Mwanza. Cabernet wotchuka kwambiri amachokera ku Stellenbosch, ndipo mtengo wake umakwera potsata kutchukako. Wa ku Paarl ndi ku Robertson nthawi zambiri amatsikirako. Botolo likangolembedwa kuti Western Cape, ndiye kuti mphesa zake zatoledwa m'madera angapo, ngati ng'ombe zogula m'midzi yosiyanasiyana n'kuziika khola limodzi. Palibe cholakwa pamenepo, ndipo ine ndimati vinyo wa pa chinkhoswe azichokera m'gulu limeneli. Maina monga Nederburg, KWV ndi Robertson Winery ali ndi Cabernet wa mtengo wapakati amene kakomedwe kake sikasinthasintha chaka ndi chaka. Mukapeza wa ku Chile pa mtengo wofanana, nayenso sakhumudwitsa. Botolo lolembedwa Cabernet Sauvignon Merlot musalinyoze: Merlot imafewetsa kukhakhala kuja, ndipo kwa alendo osazolowera limakoma msanga.

Kalata ya alangizi nayo ilipo. Kuyambira 1973 dziko la South Africa lili ndi lamulo lotsimikizira kumene vinyo wachokera, ndipo botolo loyesedwa limakhala ndi kapepala ka manambala, kawirikawiri pakhosi pake. Kapepalako kamatsimikiza kuti dera, chaka ndi mtundu wa mphesa zolembedwa pa botolo n'zoona, komanso kuti magawo osachepera 85 pa 100 ndi a mphesa yotchulidwayo. Botolo la ku South Africa lotchula Cabernet koma lopanda kapepalako, libwezeni pa shelefu.

Tsopano mano. Anthu ambiri anamva kuti vinyo akakalamba ndiye amakoma, choncho akaona chaka chakale amasangalala. Zimenezo n'zoona kwa mabotolo ochepa odula kwambiri, osungidwa m'zipinda zozizira. Wa mtengo wapakati anapangidwa kuti amwedwe akadali mwana, pasanathe zaka zitatu kapena zinayi chikololereni mphesa zake. Ng'ombe yakutha mano simuigula pa mtengo wa mthena wonona.

Koma chimene chimapha vinyo kuno si ukalamba, ndi dzuwa. Vinyo amafuna malo ozizira, pamene ife mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Chaka china ndinagula botolo pa sitolo ina ya m'mbali mwa msewu, la dzina labwino ndithu, kuti ndilandirire alamu anga ochokera ku Joni. Linali pa shelefu ya pamwamba, pafupi ndi malata, fumbi lili mbuu. Titatsegula, vinyo anali wofiirira ngati madzi a dzimbiri, fungo lake la zipatso zophikidwa mpaka kupserera. Alamu anangonunkhiza n'kuika tambula pansi mwaulemu. Vinyoyo anali atapsa m'botolo momwemo. Chiyambire tsikulo ndimayang'ana kaye pamene botolo lakhala. La pawindo kapena la pansi pa denga sinditenga. Ndimaona ngati chotsekera chatukuka kapena ngati pakhosi pali zomata zosonyeza kuti vinyo anadontha. Ndimakonda kugula m'sitolo yozizira bwino imene katundu wake amayenda msanga, ndipo chotsekera chopotokola sindichiona ngati chizindikiro cha vinyo wotchipa, chifukwa chimatseka bwino.

Mukagula ku Blantyre, ulendo wotsika phiri, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa Nchalo mpaka kufika pa Ngabu ungathe kuononga zonse. Musaike botolo ku buti ya galimoto masana. Likulungeni m'chitenje, likhale kumapazi kwanu. Kunyumba liikeni pansi, m'chipinda cha mdima.

Pomwa, liziziritseni pang'ono. Cabernet amakoma ali pa madigiri 16 mpaka 18, ndiye liikeni kaye mu filiji kwa kanthawi. Magetsi akathima, mtsuko wa madzi ozizira umagwira ntchito yomweyo. Ndiwo zake tili nazo kale: nyama ya ng'ombe yootcha, kapena kanyenya wa mbuzi. Mafuta a nyamayo amafewetsa kukhakhala kwa vinyo mpaka mumadabwa kuti ndi yemwe uja. Tsabola wa kambuzi muchepetse, chifukwa akakumana ndi vinyoyu m'kamwa mumayaka moto. Wotsala mutseke bwino, muike pozizira, ndipo asapitirire masiku atatu.

Choncho mukadzakwera ku Blantyre kukagula za chinkhoswe, sankhani Cabernet wa ku South Africa wa zaka ziwiri kapena zitatu, wa kapepala ka manambala, wochokera pa shelefu ya pamthunzi. Ndalama yotsalayo muonjezere nyama.