Masamu a miyezi 18 m'masabata 6: zimene mitu ya nkhani inasiya m'njira

ULONGWE — Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano wailesi za ku Malawi zimamveka bwino, ndipo zimene wailesi yasiya zimafika ndi anthu obwera ku misika ya m'malire monga wa Lizulu. Imodzi mwa nkhani zimene zafika motero ndi ya ana a sukulu za boma ku Malawi amene akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti, timakina tapafupifupi kukula kwa kope, tochajidwa ndi mphamvu ya dzuwa.

Nkhaniyi ndi yoona. M'chaka cha 2023 boma la Malawi linayamba ntchito yotchedwa BEFIT m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'kufikitsa matabuleti m'sukulu zonse za pulaimale za boma, pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Maphunziro a m'makinawa ali m'Chichewa, chinenero chimene ana athu amayankhula pakhomo. N'chifukwa chake kholo la kuno likhoza kudzifunsa ngati si bwino kugulitsa matumba angapo a mbatata ya kachewere n'kugulira mwana tabuleti kapena foni yaikulu.

Musanamasule ndalama pa mpango, imvani kaye chimene kafukufuku anapeza, ndi chimene atolankhani ananena kuti anapeza. Zinthu ziwirizi sizifanana nthawi zonse.

Mutu umene unazungulira dziko

M'chaka cha 2014 BBC ya ku London inatulutsa nkhani yonena kuti pulogalamu ya masamu yopangidwira ana a ku Malawi inaphunzitsa ana masamu a miyezi 18 m'masabata 6 okha. Pulogalamuyo inapangidwa ndi bungwe la onebillion, lomwelo limene maphunziro ake ali m'matabuleti a BEFIT. Chiwerengerocho chinali chokoma kumva, ndipo chinabwerezedwa m'malo ambiri.

Koma ana a miyezi 18 aja sanali a ku Malawi. Anali ana aang'ono a mumzinda wa Nottingham ku England, m'kuyesa kwakung'ono kongoyambira. Mutu wa BBC unatchula kuti anawo ndi a ku Britain. Nkhani ikamadutsa pakamwa ndi pakamwa, mawu oterowo ndiwo amayamba kugwa, chiwerengero n'kutsala chokha.

Kafukufuku wa ku Malawi weniweni anachitika m'chaka cha 2013 pa sukulu imodzi ya mumzinda wa Lilongwe. Anamutsogolera ndi Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham, ndipo zotsatira zinasindikizidwa m'chaka cha 2015. Ana anali 318, a Sitandade 1 mpaka 3. Anawagawa mwa mayere m'magulu atatu. Gulu loyamba linaphunzira masamu pa tabuleti pafupifupi theka la ola pa tsiku kwa masabata 8. Gulu lachiwiri linagwira tabuleti yopanda masamu. Gulu lachitatu linapitiriza ndi mphunzitsi monga mwa masiku onse. Pomaliza, ana a masamu a pa tabuleti anaposa anzawo, makamaka mu Sitandade 2 ndi 3.

Zimenezi ndi zotsatira zabwino, ndipo kugawa ana mwa mayere ndiyo njira yodalirika yoyesera. Komabe taonani malire ake. Sukulu inali imodzi, ya m'tauni. Nthawi inali miyezi iwiri. Ena mwa mayeso anachokera pa zinthu zomwezo zimene pulogalamu inkaphunzitsa. Ana sanapatsidwe makina kuti apite nawo kwawo. Ankawagwiritsa ntchito pa sukulu, pa nthawi yoikika, wamkulu akuyang'anira. Kafukufuku wina amene anachitika ku Malawi pambuyo pake, kwa nthawi yotalikirapo, anapezanso phindu, koma la miyezi yowerengeka, osati chaka ndi theka m'masabata 6.

Phunziro la ku Peru

Dziko la Peru, ku South America, linalawapo kale zimene zimachitika nkhani ikathamanga kuposa umboni. M'chaka cha 2005 Nicholas Negroponte wa ku MIT ku America analengeza kompyuta ya ana ya madola 100, pansi pa bungwe la One Laptop per Child. Manyuzipepala anaitamanda mwana ngakhale mmodzi asanayesedwe nayo m'kalasi. Mtengo wake unadzafika pafupi ndi madola 200. Boma la Peru linagula makompyutawa oposa 800,000.

M'chaka cha 2012 banki ya chitukuko ya Inter-American Development Bank inatulutsa kafukufuku wa m'sukulu 319 za kumidzi. Patatha miyezi 15 ana ali ndi makompyuta, magiredi awo a masamu ndi a chinenero sanakwere kuposa a ana opanda makompyuta. Atolankhani anatembenuka, n'kuyamba kulemba kuti ndalama zapita m'madzi.

Pa masamu ndi kuwerenga sananame. Koma ambiri anasiya mbali ziwiri. Yoyamba, ana a makompyuta aja anachita bwinoko pa mayeso a kuganiza ndi kuzindikira zinthu. Yachiwiri, makinawo anagawidwa opanda maphunziro otsatana ndi silabasi ya sukulu, ndipo aphunzitsi anangolandira maphunziro a masiku ochepa. Apa mpamene pali kusiyana ndi za ku Lilongwe. Ku Peru anagawa makina. Ku Lilongwe anayesa phunziro la masamu lokonzedwa sitepe ndi sitepe, m'chinenero cha mwana. Wolemba kuti "makompyuta amathandiza" ndi wolemba kuti "makompyuta sathandiza" onse asiya funso lenileni, lakuti m'katimo muli chiyani ndipo akumuyang'anira mwanayo ndani.

Zofananazo zinachitikanso mu July 2023, pamene bungwe la UNESCO linatulutsa lipoti lake la makina m'maphunziro. Mitu yambiri inati bungweli lapempha kuti mafoni aletsedwe m'sukulu za dziko lonse. Chimene lipotilo linanena n'chakuti makina alowe m'kalasi pokhapokha ngati akuthandizadi maphunziro. Linachenjezanso kuti umboni wodalirika ndi wochepa, ndipo wambiri mwa umene ulipo umachokera kwa ogulitsa makinawo.

Chifukwa chake zimatere

Amene anagwirapo ntchito pa wailesi amadziwa kuti nkhani imodzi imapatsidwa mphindi imodzi kapena iwiri. Lipoti la masamba makumi angapo liyenera kulowa m'menemo. Nthawi zambiri mtolankhani salandira lipoti lonse. Amalandira kalata yachidule yolembedwa ndi yunivesite kapena bungwe limene likufuna kuti ntchito yake idziwike ndi kupeza thandizo. M'kalatamo chiwerengero chachikulu chimakhala pamwamba, machenjezo pansi. Pofika kwa ife nkhaniyo imakhala itachoka m'Chingerezi, mwina kudzera m'Chipwitikizi, n'kulowa m'Chichewa. Pa mlatho uliwonse mawu akuti "mwina", "pa sukulu imodzi" ndi "kwa masabata 8" amatsalira.

Choncho mukamva pa wailesi kapena kuwerenga pa foni kuti "kafukufuku wapeza", dzifunseni izi. Anachitikira kuti, m'tauni kapena kumudzi konga kwathu? Ana anali angati, m'sukulu zingati? Anawayesa kwa nthawi yaitali bwanji? Anawayerekeza ndi ana ena amene sanalandire makina? Analipira kafukufukuyo ndani? Nkhani imene siyankha ngakhale awiri mwa mafunso amenewa ndi chikomekome cha mkuyu.

Kwa kholo la ku Dómuè kapena ku Calómuè tanthauzo lake ndi ili. Tabuleti yogula pa msika siibwera ndi maphunziro amene anayesedwa ku Lilongwe, siibwera ndi nthawi yoikika, siibweranso ndi mphunzitsi. Palibe kafukufuku mwa amene tatchulawa amene anaonetsa kuti kumupatsa mwana makina pakhomo, paokha, kumakweza magiredi ake. Amene anayesa zofanana ndi zimenezo, a ku Peru, sanapeze kusintha pa masamu ndi kuwerenga.

Ngati matabuleti adzafika m'sukulu za chigawo cha Tete, makolo a m'makomiti a sukulu adzakhala ndi ufulu wofunsa kuti maphunzirowo ali m'chinenero chanji, adzachajidwa bwanji kumene kulibe magetsi, ndani adzawakonza akawonongeka, ndipo aphunzitsi aphunzitsidwa masiku angati. Pakadali pano, ndalama ya mbatata ija ikhoza kuyamba yagula makope ndi zolembera, ndipo mwana asajombe ku sukulu pa tsiku la msika.