NYAMAKAZI YA M'CIUNO SI MATSENGA AI

M'mawa uliwonse m'komboni ya Mushili, mu mzinda wa Ndola, pakati pa anthu othamangira ku nchito ndi ku msika pamaoneka nkhalamba zoyenda motsimphina, dzanja lili pa ciuno. Ena mwa iwo ndi makolo ocokera ku midzi ya Kum'mawa, amene ana ao anawaitana kuti adzaonane ndi madokotala. Kawirikawiri amafika mocedwa, mbuzi ndi nkhuku zitathera kwa asing'anga, ndiponso atadana ndi abale powaganizira kuti anawachera mankhwala pa njira.

Matenda amenewa ndi nyamakazi ya m'mfundo, ndipo ali pa dziko lonse lapansi. Bungwe loona za umoyo la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 528 miliyoni anali nao. Ambiri anali opitirira zaka 55, ndipo akazi anacuruka kuposa amuna.

Pamene fupa la nchafu likumana ndi ciuno pali nsukunyu. Mutu wa fupalo ngwobulungira, ndipo umazungulira m'kambale kake monga munsi mu mtondo. Pokhudzana mafupawo pali cicerewecerewe cosalala. Ici cikaperepeseka cifukwa ca ukalamba, kunenepa, kubvulala kwakale kapena kusenza zolemera zaka zambiri, mafupa amayamba kukhulana.

Ululu wace umamveka m'mphecepece, ndipo umatsikira ku nchafu, nthawi zina mpaka ku bondo. Ncifukwa cace ena amathowa bondo pamene bvuto lili m'ciuno. Podzuka mwendo umauma kanthawi kocepa, ndipo kubvala nsapato, kunjuta ku cimbudzi kapena kudzuka pa mphasa kumasanduka nchito.

Cicerewecerewe cikatha sicimeranso, koma ululu ungacepe. Mankhwala oyamba ndiwo kuyenda. Munthu akangogona, minofu yogwira ciuno imafooka ndipo ululu umakula. Ayende pang'ono tsiku ndi tsiku pa malo osalala, napumule akatopa. Ndodo igwidwe ku dzanja la mbali imene ilibe ululu, cifukwa potero imalandako kulemera kwa thupi. Wonenepa acepetse thupi. Nsaru yobviika m'madzi ofunda imatonthoza mfundo. Wodwala akhale pa mpando wautali, alime ndi khasu la mpini wautali, ndipo mitolo ya nkhuni ndi zidebe za madzi asiyire adzukulu. Phindu la zimenezi silioneka tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Panadol amathandizako ena. Brufen ndi anzace ali ndi mphamvu yoposa, koma akamwedwa masiku ambiri amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Ayenera kumwedwa munthu atadya, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba, nthenda ya impso kapena kuthamanga kwa magazi ayambe wafunsa a cipatala. Oopsa koposa ndi mapiritsi a prednisolone ogula mwamseri: ululu umaleka msanga, koma kumwa nthawi yaitali kungaphe mutu wa fupa la nchafu. Kumwa kacasu ndi mowa wina mopitiriza kumacitanso cimodzimodzi. Safunsa anadya phula. Mphini nazo sizifika pa fupa, ndipo lumo lotemera anthu ambiri limafalitsa matenda.

Si ululu wonse wa m'ciuno umene uli wa ukalamba. Ngati pali kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, mwina ndi TB ya m'mafupa, imene imacizika ndi mankhwala. Mwana kapena wacinyamata wotsimphina mwina ali ndi sickle cell, nthenda ya magazi yobadwa nayo imene imaononga nsukunyu. Nkhalamba imene yagwa nilephera kuimirira mwina yathyoka fupa. Onsewa apite nao ku cipatala osazengereza.

Kwa anthu a ku Mushili ulendo umayambira pa kiliniki, pamene amapatsidwa kalata yopita nayo ku Ndola Teaching Hospital, cipatala cimene kale cinkachedwa Ndola Central Hospital. Kumeneko amajambula ciuno ndi makina a X-ray ndi kuphunzitsa wodwala kacitidwe kolimbitsa minofu. Ana amapita ku Arthur Davison Children's Hospital. A ku midzi ya Kum'mawa njira yao ndi ya ku Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete.

Nsukunyu ikathera-thera, kotero kuti munthu sagona tulo, pamatsala opareshoni yocotsa mutu wa fupa ndi kuikapo wacitsulo pamodzi ndi kambale katsopano. Njira imeneyi inakhazikitsidwa ndi dokotala wa ku England, John Charnley, pa cipatala ca Wrightington m'caka ca 1962, ndipo imacitikanso m'zipatala zina zazikuru za m'dziko muno. Imafuna akatswiri ndi ndalama zambiri, cotero si onse amaifikira msanga.

Tsono ana a ku migodi amene ali ndi makolo otsimphina ku mudzi asadikire kuti mwendo uume. Ndalama imene ikadapita ku ula ikhale ya basi yopita ku kiliniki, ndipo gogo agulidwe ndodo yolimba ndi mpando wautali.