Akabaza aganize kaye asanagule racing CDI

Njinga yamoto ikanyamula matumba a mbatata kuchoka mu msika wa Zigwagwa kupita ku Mchengautuwa n'kuyamba kufooka pokwera mtunda, akabaza ena a mu Mzuzu amathamangira kukagula kabokosi kotchedwa racing CDI, ati kamawonjezera mphamvu.

Ntchito ya CDI ndi kulamula nthawi yomwe pulagi imatulutsa moto mu injini. Ka racing kamafulumizitsa motowo, ndipo kambiri kamachotsa malire a kazunguliridwe ka injini. Njinga imalira mwaukali, koma injini ya 125cc imakhalabe ya 125cc. Ikamakakamizidwa choncho imamwa petulo wambiri, imatentha, pisitoni ndi mavalavu n'kutha msanga. Kwa wakabaza yemwe amapereka ndalama kwa mwini njinga tsiku ndi tsiku, kuswera ku galaja ndi ngongole.

Wofunabe kugula adziwe kaye ngati njinga yake imayendera CDI ya AC, yotenga moto ku koyilo ya magineto, kapena ya DC, yotenga ku batire. Akasokoneza, njinga silira, mwinanso kabokosiko kamapsa. Popita ku sitolo anyamule kakale kuti afananize mapini, ndipo agwirizane ndi wogulitsa za kubweza asanapereke ndalama.

Koma choyamba makaniko aone pulagi, fyuluta ya mpweya, kabyuleta ndi tcheni. Kawirikawiri mphamvu imathawira pamenepo, ndipo kuchapa fyuluta n'kotchipa kuposa kutsegula injini.