Kumeretsa Fupa Latsopano Pamene Lakale Latayika

Fupa likathyoka limalumikizana lokha pakapita milungu ingapo. Koma ngozi ya pamsewu, mafinya a m'fupa kapena khansa zikachotsa chigawo chachikulu, mbali ziwirizo sizikumananso ndipo nthawi zina mwendo umadulidwa. Kwa mlimi kapena woyendetsa kabaza, zimenezi zimadula njira yopezera chakudya.

Kwa zaka zambiri madokotala akhala akutseka mpatawo ndi fupa lotengedwa m'chiuno mwa wodwalayo. Njirayi imathandiza, koma imasiya bala lachiwiri ndipo fupa lopezekalo limakhala lochepa. N'chifukwa chake akatswiri akufufuza njira yoti thupi limange lokha fupa latsopano. Pamafunika zinthu zitatu: chimango chokhala ndi timabowo, maselo omanga fupa, ndi mapuloteni olamula maselowo kuyamba ntchito.

Chiyambi chake chinali mu 1965, pamene Marshall Urist wa ku Los Angeles anaika fupa lochotsedwa kashiamu mu mnofu wa nyama, ndipo fupa latsopano linamera pomwepo. Mapuloteni ochititsa zimenezi anawatcha BMP. Mu 2002, dziko la America linavomereza BMP-2 pa maopaleshoni ena a msana.

Kum'mwera kwa Africa kunachokeranso phunziro lalikulu. Mu 1991, Ugo Ripamonti wa pa Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg analengeza zimene anapeza ataika m'minofu ya anyani chimango chopangidwa kuchokera ku coral, miyala imene tizamoyo ta m'nyanja ya mchere timamanga. Fupa linamera m'timabowomo popanda kuthiramo BMP. Apa zinaoneka kuti kapangidwe ka chimango pakokha kangathe kudzutsa maselo.

Mu 2001, akatswiri a ku Italy ndi Russia anafotokoza za odwala atatu amene mipata ya m'mafupa awo, ya masentimita 4 mpaka 7, inatsekedwa ndi chimango chodzazidwa ndi maselo a m'mafuta a mafupa awo omwe.

Vuto lotsala ndi magazi. Maselo a mkatikati mwa chimango chachikulu amafa ngati timitsempha sitinafikemo msanga. Komanso BMP ndi yokwera mtengo, ndipo kukulitsa maselo kumafuna labotale yapadera. Apa m'pamene ntchito ya ku Johannesburg ikupatsa chiyembekezo zipatala zosauka: chimango chomeretsa fupa pachokha sichifuna mankhwala okwera mtengowo.